Mlimi ndi Wogula: Za Kupangana Mtengo wa Zokolola

Inu eni mabanja, amuna ndi akazi omwe, amene nkhokwe ya pakhomo iri m'manja mwanu, mverani mau awa. Makalata ambiri a ulimi anena za mizere, za manyowa, za kubzala ndi mvula yoyamba ndi za kupalira msanga, ndipo mau amenewo ngabwino. Koma kalata ino inena za nchito ina, imene sichitika ndi khasu. Munthu asosa m'munda mwezi wa Okutobala, napalira m'matope mwezi wa Januwale, nakolola mwezi wa Meyi. Ndipo thukuta lonselo la miyezi isanu ndi itatu alinyamula kunka nalo patsinde pa mtengo pamene papachikidwa sikelo. Pamenepo nkhani itha msanga, madzi a nsima asanawire. Ambiri a ife tidziwa kulima, koma pa kamphindi kameneka tikhala ngati ana. Tiimirira duu, wogula natchula mtengo, ife nkubvomera. Kudandaula tiyamba tiri pa njira yobwerera kwathu.

Si chifukwa cha kupusa iai. Makolo akalekale anadziwa kutsatsana malonda a mchere, makasu ndi nsaru, koma atate athu anakulira m'masiku ena. M'chaka cha 1926 Boma la atsamunda linaika Native Tobacco Board kuyang'anira fodya wa alimi a m'midzi. M'chaka cha 1962 panadza Farmers Marketing Board, ndipo m'malo mwache munalowa ADMARC m'chaka cha 1971. M'masiku a mabungwe awiri otsirizawa mlimi anapita ku msika wa bungwe napeza mtengo woikika kale, ndipo kalaliki wa pa sikelo analibe mphamvu ya kuukweza kapena kuutsitsa. Kunenerera kunali kopanda pache. Koma m'chaka cha 1987 lamulo linalola amalonda wamba kugula mbeu kwa alimi, ndipo kuyambira pamenepo ogula achuluka: a pa njinga, a pa galimoto, ndi otumidwa ndi makampani a ku Lilongwe ndi ku Limbe, amene tiwatcha mavenda. Tsono mtengo wa masiku ano upangidwa ndi pakamwa, ndipo mwini banja ayenera kuphunzira nchito imeneyi monga anaphunzira kuunda mizere.

Amene atha kubwerera ndi katundu wache

Pa sikelo pakomana anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo ali ndi changu koposa mnzache. Wachanguyo ndiye agonja. Wogula wochenjera sayang'ana thumba lokha, ayang'ananso nkhope yanu. Akaona kuti mwadza ndi ngolo yobwereka imene simungathe kuilipira kawiri, kapena akamva kuti mwana wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, adziwa kuti katunduyo sadzabwerera kumudzi, ndipo adzatchula mtengo umene afuna iye. Koma mukatha kunena kuti, "Zikomo, ndiyamba ndasunga," ndipo njira ya kusungira muli nayodi, pamenepo iye ayamba kuganiza za galimoto yache imene iyenera kudzala dzuwa lisanalowe. Pakuti nayenso ali ndi changu chache. Analonjeza matumba kwa amene anamtuma, ndipo galimoto yobwerera yopanda katundu imwa mafuta chimodzimodzi.

Chifukwa chache kupangana mtengo sikuyamba tsiku la msika. Kuyamba mwezi wa Febuluwale, pamene ufa watha m'nyumba. Ndiyo nthawi imene munthu atenga ndalama za katapila, kapena ndowa ya chimanga, nalonjeza thumba lathunthu pokolola. Ena agulitsiratu mbeu zikali m'munda. Wotereyo wagulitsa ufulu wache wa kukana, ndipo pa sikelo sadzakhala ndi mau. Sitinena izi monyoza, pakuti njala ndi matenda sizipangana tsiku ndi munthu. Koma pamene pali njira ina, itsateni. Banki ya m'khonde, mbuzi ziwiri, nkhuku, kadimba ka masamba: izi zonse nchito yache yaikuru ndiyo kukupatsani ndalama zochepa m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, kuti bvuto laling'ono lisakutayitseni zokolola zonse pa nthawi imene mbeu ziri zotchipa koposa. Mbuzi imodzi yogulitsidwa chifukwa cha fizi itha kusunga matumba ambiri kufikira mtengo utakwera.

Kusungako kufuna kuumitsa bwino. Kuti mudziwe ngati chimanga chauma, tengani botolo louma, muikemo chimanga chodzala dzanja ndi mchere wouma pang'ono, mutseke, mukhutchumule ndi kulileka kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikali ndi madzi, chibwezereni padzuwa. Alipo matumba otchedwa PICS, okhala ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati mwa thumba lakunja. Akamangidwa bwino mpweya sulowa, ndipo anankafumbwe afera momwemo popanda mankhwala. Komatu musayese kuti kusunga kupindulitsa chaka chiri chonse. M'chaka cha 2017 chimanga chinachuluka m'dziko muno, mtengo nukhala pansi miyezi yambiri, kotero kuti osunga ena sanaone phindu. Nzeru yabwino ndiyo kugawa: zina mugulitse pokolola kuti mutseke mabvuto a msanga, zina musunge.

Musanatuluke pakhomo khalani pansi ndi akazi anu, kapena amuna anu, pamodzi ndi ana akuruakuru amene anagwira khasu. Yambani mwapatula chakudya cha banja kufikira masika akudzawo, powerengera matumba amene munadya chaka chatha. Ameneyo si katundu wa malonda, ngakhale mtengo ukome bwanji. Ndipo muwerenge zonse zimene munataya m'munda: mbeu, feteleza, aganyu, matumba, ngolo, ndi masiku a inu eni, pakuti thukuta lanu si laulere. Gawani ndalamazo ndi chiwerengero cha matumba amene mwakolola, ndipo mudzadziwa chimene thumba limodzi linakudyerani. Pamenepo mupangane mtengo wotsiriza, umene simudzatsika kuupitirira. Mtengo umenewu ukhale chinsinsi cha m'nyumba. Munthu amene aganiza mtengo wache wotsiriza ataimirira kale pa sikelo, wogula alikuwerenga ndalama pamaso pache, aganiza ndi maso, mutu utagona.

Dziwani mtengo wa kwina

Safunsa anadya phula. Masiku ano kufunsa sikubvuta, pakuti lamya ya m'manja ipezeka pafupifupi m'mudzi uli wonse. Funsani malo atatu: pa msika wa pafupi, pa boma, ndi kwa mbale wokhala m'tauni. Chaka ndi chaka, nyengo ya kukolola ikafika, Unduna wa Zaulimi ulengeza mitengo yoyambira kugulira mbeu. Imveka pa wailesi, ndipo mlangizi wa kwanu aidziwa. Kunena zoona, ogula ambiri a kumidzi saitsata mitengoyi, makamaka mbeu zikachuluka. Koma ndi mwala wabwino wopondapo poyamba nkhani, ndipo wogula akamva mukuutchula adziwa kuti sanapeze munthu wogona.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mtengo wa ku Lilongwe si mtengo wa pakhomo panu. Mlimi wonena kuti, "M'tauni agula mwakuti, inunso mugule mwakuti," angoseketsa wogula. Chotsanipo ndalama za galimoto, za onyamula, za msonkho wa pa msika, ndi phindu loyenera la wogulayo, pakuti nayenso ali ndi ana. Chotsalacho ndicho muyenera kumenyera. Mukaona kuti kusiyana kwa mitengo iwiriyi nkwakukuru koposa ndalama za ulendo, pamenepo mwapeza malo a kukambirana. Mukaona kuti nkwakung'ono, gulitsani pakhomo, musataye tsiku pa mseu.

Ndiponso si nthawi zonse pamene venda anama akanena kuti mtengo wagwa. Alimi a nandolo a ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba akumbukira bwino. Nandolo wambiri wotuluka m'dziko lino apita ku India, kumene adyedwa kwambiri. M'zaka za 2015 ndi 2016 mtengo unakoma, ndipo anthu anabzala nandolo wochuluka. Koma alimi a ku India nawonso anakolola zambiri, ndipo mwezi wa Ogasiti 2017 Boma la kumeneko linaika malire, kuti nandolo wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Pomwepo mtengo unagwa m'midzi yathu, ndipo panalibe pakamwa pokoma pamene pakanatha kuudzutsa. M'chaka cha 2021 maiko awiriwa anapangana kuti India adzalandira nandolo wa ku Malawi wokwana matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Taonani tsono kuti mtengo wa patsinde pa mtengo wa mango uli ndi mizu yache kutsidya la nyanja. Wogula akati mtengo wagwa, mfunseni chifukwa chache, ndipo mau achewo mukawayese ndi mau a ena. Akanena zoona, kukwiya sikuthandiza. Chothandiza nkukhala ndi mbeu ya mtundu wina yogulitsa, ndi kuleka kudzaza munda wonse ndi mbeu imene inadula chaka chatha.

Za sikelo ndi ndowa

Ambiri alimbana pa mtengo wa kilogalamu naiwala kilogalamuyo. Werengani nokha: sikelo ikadya makilogalamu 2 pa thumba liri lonse la makilogalamu 50, ndiye kuti pa matumba 25 mwapereka thumba limodzi lathunthu kwaulere, chikhalirecho munakondwa kuti mwakweza mtengo. Chifukwa chache nkhani ya muyeso ithe poyamba, ya mtengo pambuyo.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo liyesa masikelo a malonda ndi kuikapo chizindikiro chache, ndipo si chipongwe kupempha kuona chizindikirocho. Koma muli nayo njira yanu ya pafupi. Paketi ya shuga yosatsegula ya ku sitoro ilemera kilogalamu imodzi. Lita limodzi la madzi lilemeranso kilogalamu imodzi, kotero kuti chigubu cha malita 5 chodzala bwino chiyenera kuonetsa makilogalamu 5 ndi kanthu kakang'ono ka chigubucho. Chigubu chiposa shuga, pakuti sikelo yaikuru yopachika siionetsa bwino kulakwa kwache pa katundu wopepuka. Yang'anani kuti muvi uli pa ziro thumba lisanapachikidwe. Imani kutsogolo kwa sikelo, osati pambali. Ndipo muone kuti thumba lalendewera lokha, losakhudza pansi kapena bondo la munthu. Kilogalamu iri yonse ilembedwe pa mapepala awiri, lanu ndi lache, thumba lisanachotsedwe. Ngati maso anu afooka, tengani mwana wa sukulu akhale mlembi wanu.

Ndowa ndiyo yoipa koposa. Ina inamenyedwa pansi kuti ikule mimba, ndipo ndowa yosalaza pakamwa isiyana kutali ndi yodzaza kufikira kupanga chulu pamwamba. Ngati simungathe kupewa ndowa, panganani poyamba kuti idzale motani. Koma mabanja khumi akasonkha nagula sikelo yao ya mudzi, ndi kuyesa matumba ao asanapite kwa wogula, ndalama zao zidzabwerera nyengo imodzi isanathe.

Apa tiyenera kunena mau owawa kwa ife tomwe. Alipo alimi amene athira mchenga ndi timiyala pansi pa thumba, kapena awaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda ndi kuti ulemere. Wogula akanyengedwa kamodzi sapita kwa mfumu kukadandaula. Angotsitsa mtengo wa mudzi wonse chaka chamawa, olungama ndi onyenga pamodzi. Ndipo mtedza wonyowetsedwa ugwira chuku, ndipo chukucho chibala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene aononga chiwindi cha munthu ndipo satha ndi kukazinga. Ogula a ku Ulaya ayesa poizoni ameneyu ndi makina, nakana katundu amene wapitirira muyeso wao. Alimi a ku Mchinji a bungwe la MASFA, limene liri m'gulu la NASFAM, analandira chizindikiro cha Fairtrade m'chaka cha 2004 natumiza mtedza wao ku Britain. Ndipo khomo limenelo linafuna anthu oumitsa bwino, osenda mouma, ndi osankha njere ndi manja. Malonda ndi m'maso. Petani, sankhani, patulani wobvunda ndi wosakhwima, ndipo wabwino ukhale m'matumba ache. Mtedza wosakaniza ugulidwa wonse pa mtengo wa woipawo.

Kalankhulidwe ka pa malonda

Tsono tifike pa mau eni ache. Yambani ndi moni wokwanira, monga muchita ndi mlendo ali yense. Mpatseni mpando, mufunse za ulendo ndi za kwao. Nthawi imeneyi simuitaya pachabe. Pocheza mudzamva kumene achokera, amene anamtuma, ndi matumba amene atsala kuti galimoto idzale. Ndipo munthu amene wakhala pa mpando wanu achita manyazi kukupeputsani. Koma za mabvuto a m'nyumba mwanu musatchule. Za fizi, za odwala, za ngongole, zikhale kuseri kwa chitseko. Ambiri ayesa kuti akadandaula wogula adzamva chisoni nakweza mtengo, koma kawirikawiri chichitika nchosiyana.

Mlekeni iye ayambe kutchula mtengo. Akati, "Bambo, lero tigula mwakuti," musayankhe msanga. Kuona maso a nkhono nkudekha. Khalani chete pang'ono, ndipo mufunse modekha kuti, "Kodi achimwene, mtengo umenewu ngwa mtedza wotani, wosankha kapena wosasankha?" Pamenepo masulani thumba limene iye aloza, osati limene musankha inu, ndi kunena, "Pisani dzanja kufikira pansi." Akatulutsa dzanja lodzala njere zouma zokhazokha, katundu wanu wanena kale mau amene pakamwa panu sipakanatha kunena.

Potchula mtengo wanu, yambani pamwamba pa mtengo wotsiriza uja munapangana kunyumba, kuti mukhale ndi malo otsikira. Koma usakhale mtengo wamisala, umene simungathe kuupatsa chifukwa. Mtengo uli wonse uyende ndi chifukwa chache: "Ngwouma, ngwosankha, ndipo pa boma dzulo anagula mwakuti." Musatsike kawiri motsatana iye asanakwereko kamodzi, pakuti mukatero mulikutsutsana ndi inu mwini, iye alikungoonerera. Ndipo musatsike kwaulere. Nenani kuti, "Chabwino, nditsikako pang'ono, koma matumba akhale anu, ndipo katundu mudzatengere pakhomo pano." Pakuti pa malonda pali zambiri zokambirana zoposa mtengo: mwini matumba ndani, wolipira ngolo ndani, ndalama ziperekedwa liti, ndipo mtedza wotsalira posankha augula kapena iai. Nthawi zina wogula sangathe kukweza mtengo chifukwa amene anamtuma anamuikira malire, koma atha kukuchotserani ndalama za ulendo, ndipo m'thumba mwanu zilowa chimodzimodzi.

Musaname kuti wina wakulonjezani mtengo woposa pamene palibe wotero. Mavenda a dera limodzi adziwana, adyera pa chiwaya chimodzi, ndipo bodza lanu lidzadziwika dzuwa lisanapendeke. Kuyambira pamenepo ngakhale zoona zanu sadzazikhulupirira. Musamtche wakuba pamaso pa anthu, ngakhale sikelo yache yalakwa. Nenani kuti, "Kapena sikeloyi yatopa, tiyeni tiyese pa ya mudzi." Mwampatsa njira ya kubwerera wopanda manyazi, ndipo munthu amene sanachititsidwe manyazi abvomera msanga. Musapangane malonda mutamwa mowa, kapena wogula atakugulirani mowa. Ndiponso musapangane kuli chisisira, pamene manambala a sikelo saoneka ndipo mtima uli pa kubwerera kunyumba.

Mukalephera kumvana, tsazikanani bwino. "Zikomo achimwene, lero sitinakomane, mukadzapitanso mudzatipeza." Tengani nambala ya lamya yache, mumpatse yanu. Akuru anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Kawirikawiri wogula amene anachoka m'mawa abwera madzulo ndi mtengo wina, galimoto itakana kudzala. Ndipo sabwerera ku khomo kumene anatukwanidwa.

Kugulitsa pamodzi, ndi kudziwana ndi anthu

Mlimi wa matumba asanu sangathe kuitana kampani ya m'tauni. Koma galimoto ya matani 10 inyamula matumba 200 a makilogalamu 50, ndipo mabanja 40 a matumba asanu asanu aidzaza. Wogula amene apeza katundu yense pamalo amodzi, woyesedwa ndi wosankhidwa, wapulumuka masiku ambiri a kuyendayenda, ndipo gawo la ndalama zimene wapulumutsazo muyenera kulipempha. Izi anthu onse azidziwa. Chobvuta nkukopa anansi kuti abvomere, pakuti ambiri anapsa kale ndi magulu amene ndalama zache zinathera m'matumba a atsogoleri.

Musayambe ndi msonkhano waukuru. Pa bwalo munthu mmodzi wokayika atha kubalalitsa anthu makumi asanu. Yambani mwadziwitsa amfumu, chifukwa cha ulemu. Ndipo muyendere mabanja anai kapena asanu amene muwakhulupirira, khomo ndi khomo, muli ndi pepala la mitengo m'manja. Musalonjeze zazikuru. Muyese ndi mbeu imodzi nyengo imodzi, ndipo ena adzabwera okha akaona. Munthu wokayika koposa musamtaye; mpatseni nchito ya kuyang'anira sikelo, pakuti maso ache akuthwa adzakhala mboni ya gulu lonse. Okalankhula ndi wogula akhale awiri kapena atatu, mmodzi wa iwo akhale mai, ndipo asapite gulu lisanawauze mtengo wotsiriza. Musasankhe wolongolola, sankhani wodziwa kuwerenga ndi wodziwa kukhala chete.

Chimene chipha magulu ambiri ndi ichi: tsiku la galimoto likayandikira, ena agulitsa mobisa kwa venda wa pa njinga, ndipo galimoto ifika nipeza matumba osakwana. Wogulayo sadzabweranso. Koma musafulumire kuweruza, pakuti wogulitsa usikuyo kawirikawiri ali ndi wodwala m'nyumba. Gulu lanzeru likhala ndi kathumba ka ndalama kobwereketsa wotereyo masiku ochepa, kuti matumba ache adikire pamodzi ndi a anzache.

Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene nchito ya m'munda yachepa, ndiyo nthawi ya kuyenda ndi kudziwana ndi anthu. Pitani kwa mlangizi. Pitani ku sukulu yogonera komweko imene igula chimanga ndi nyemba. Kwa oweta nkhuku zambiri amene afuna soya. Kwa oyenga mafuta a mpendadzuwa. Ngakhale kwa woyendetsa galimoto amene apita ku tauni sabata ndi sabata, pakuti iye adziwa kumene katundu asowa. Nyamulani mbeu zanu pang'ono m'kathumba, aone ndi maso. Ndipo muwafunse musanabzale kuti afuna mtundu wanji, matumba angati, ndi mwezi uti. Lonjezani zochepa zimene mudziwa kuti mudzakwanitsa ngakhale mvula ibvute. Amene analonjeza matumba 20 napereka 20 aitanidwanso. Amene analonjeza 50 napereka 40 akumbukiridwa ndi khumi osowawo.

Za pangano ndi za kulipira

Wogula akadza ndi pangano lolembedwa, makamaka lopereka mbeu kapena feteleza pa ngongole, musasaine tsiku lomwelo. Pemphani kuligoneka kunyumba, ndipo wina wosakhala wa kampaniyo akuwerengereni mau onse. Funsani zinthu izi: mtengo walembedwa, kapena udzanenedwa pokolola? Adzaweruza ubwino wa mbeu ndani, ndipo inu mudzakhalapo kodi? Mvula ikakana, ngongoleyo idzatani? Yankho lonenedwa pakamwa pokha lilembedwe m'pepalamo, ndipo pepala limodzi litsale ndi inu.

Wofuna kutenga katundu lero ndi kulipira mwezi wamawa apempha ngongole kwa inu, ngakhale saitcha dzina limenelo. Kumbukirani kuti ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mwezi wa Novembala 2023. Amene anapereka katundu zisanachitike izi nalandira ndalama pambuyo pache anapeza kuti ndalama zomwezo zigula feteleza wochepa. Chifukwa chache mtengo wa ngongole upose mtengo wa ndalama za pamanja. Wogula wachilendo musamkongoze konse. Wodziwika alipire gawo lina tsiku lomwelo, ndipo chotsala chilembedwe pamodzi ndi tsiku lolipira, pamaso pa mboni ziwiri, mmodzi wa iwo akhale mfumu kapena nduna yache.

Ndalama za mapepala muziwerenge nokha, kuli kowala, matumba asanakwere galimoto. Akalipira pa lamya, monga pa Airtel Money kapena Mpamba, musakhulupirire uthenga umene akuonetsani pa lamya yache, ngakhale uthenga wofika pa yanu, pakuti alipo odziwa kulemba uthenga wonama wofanana ndi weniweni. Tsegulani nokha muone ngati ndalama za m'lamya mwanu zachulukadi, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, angakhale anene kuti afuna kukuthandizani. Zitatha izi, lembani m'buku tsiku, dzina la wogula, makilogalamu, mtengo, ndi mmene sikelo yache inakhalira, kuti chaka chamawa mudzadziwe woyamba kumuimbira lamya.